Nyali za Galimoto Yakale: Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kuwala Kochuluka

Aliyense amene anayendetsapo galimoto yokalamba usiku pa msewu wa M1, kaya pakati pa Ntcheu ndi Dedza kaya kupitirira Kasungu kulowera ku Jenda, kumene kulibe nyali za m'mbali mwa msewu, adziwa bwino nkhawa imene imagwira mtima pamene wapanjinga wosenza matumba a makala, kapena ngolo ya ng'ombe yopanda chonyezimira, itulukira mwadzidzidzi m'kuwala kofooka kwa nyali zake. N'chifukwa chake eni galimoto ambiri amathamangira kusitolo kukafuna mababu owala koposa amene galimotoyo inabwera nawo. Ndipo popeza safunsa anadya phula, tasonkhanitsa pano mafunso amene amamveka kawirikawiri m'magalaja ndi m'masitolo a zipangizo za galimoto.

Funso: Galimoto yanga yatha zaka zoposa 15, ndipo nyali zake zafooka. Kodi si mababu amene akalamba?

Yankho: Indetu babu limakalamba, pakuti kawaya kamene kamayaka m'kati mwake kamapunguka pang'onopang'ono ndi kutentha, ndipo babu limene latumikira zaka zingapo siliwalanso monga linkawalira tsiku limene linachoka m'bokosi, koma munthu akaimba mlandu babu lokha, kawirikawiri amasiya wolakwa weniweni ali phee. Yambani mwayang'ana nkhope ya nyaliyo masana. Galimoto zambiri zimene zinapangidwa kuyambira zaka za m'ma 1990, kuphatikizapo unyinji wa zimene timaitanitsa ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam, zili ndi nyali za pulasitiki m'malo mwa galasi, ndipo pulasitikiyo inakutidwa ndi mankhwala opyapyala oiteteza ku dzuwa. Mankhwalawo akatha, monga amathera msanga pa dzuwa la ku Salima kapena la ku Chikwawa, nkhope ya nyali imasanduka yachikasu ndi yambuu, nimwaza kuwala mbali zonse m'malo mokulola kupita kumsewu. Bungwe la oyendetsa galimoto la ku America, la AAA, linayesa nyali zotere m'chaka cha 2018, nilipeza kuti zinkatulutsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 5 a kuwala kwa nyali zatsopano. Palibe babu pa dziko lino limene lingabwezere kuwala kochuluka chotero.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kukhula nkhopeyo ndi sandipepala wonyowa, kuyambira wokakala wa nambala 800, kudzera wa 1500, kufikira wosalala wa 3000, kenako kupolisha, ndipo potsiriza kupakanso mankhwala oteteza ku dzuwa, chifukwa mukadumpha gawo lotsirizali chikasu chija chimabwerera isanathe miyezi ingapo. Amene amapukuta ndi mankhwala otsukira mano amakondwa kwa milungu yochepa chabe. Suzumiraninso m'kati muone mbale yonyezimira imene imasonkhanitsa kuwala kwa babu, ija amakaniko amati reflector: ngati madzi analowamo niyichititsa mawanga, kapena ngati yapserera pamwamba pa babu, nyaliyo yatha ntchito, ndipo musayese kuipukuta ndi nsalu, popeza chonyezimiracho n'chopyapyala kwambiri moti chimachoka ndi chala.

Funso: Nyali zanga n'zoyera bwino ndipo mababu ndi atsopano, koma kuwala kwake n'kofiirira. Vuto lingakhale pati?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani yaikulu ya galimoto zakale, ndipo ndi nkhani imene ogulitsa mababu saitchula, chifukwa mulibe malonda awo. Babu la halogen limayesedwa kuwala kwake likulandira mavolti 13.2, ndipo silikhululuka likamanidwa: magetsi akachepa ndi magawo 5 pa 100, kuwala kumachepa ndi magawo pafupifupi 15, ndipo akachepa ndi magawo 10, kuwala kumachepa ndi pafupifupi 30. Tsono m'galimoto zambiri zakale magetsi amayenda ulendo wautali asanafike kubabu, kuchoka kubatire, kudutsa pa fyuzi, kulowa m'kati mpaka ku swichi ya pachiwongolero, n'kubwereranso kutsogolo pa mawaya ang'onoang'ono; ndipo pa mfundo iliyonse imene yachita dzimbiri kapena imene wina analumikiza ndi tepi zaka zapitazo, kachigawo ka mphamvu kamatsalira panjira ngati kutentha.

Muuzeni makaniko wa zamagetsi atenge mita yake, alize injini, ayatse nyali, ndipo ayeze kusiyana kwa magetsi a pabatire ndi amene akufika pa pulagi ya babu, mbali ya moto ndi mbali ya earth yomwe. Alternator yabwino imapereka mavolti a pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ngati panjira pakutayika zoposa theka la volti, mwapeza chimene chikudya kuwala kwanu. Nthawi zina kukwecha dzimbiri pamene waya wa earth wamangidwa kuchitsulo cha galimoto kumakwanira. Koma njira yokhalitsa ndiyo kuika ma relay awiri pafupi ndi batire, limodzi la dimu ndi lina la fulu, okhala ndi mawaya aakulu ndi fyuzi zawo, kotero kuti swichi yakale ija ingotsala ndi ntchito yopepuka yolamula, pamene mphamvu yeniyeni ikuyenda njira yaifupi. Eni Hilux ndi Land Cruiser zakale akumbutse makaniko wawo kuti Toyota zambiri za nthawi imeneyo zimazimitsa ndi kuyatsa nyali kumbali ya earth, ndipo akalumikiza mosadziwa zimenezi, nyali zimachita zodabwitsa. Ndalama zimene zimapita pa ntchito imeneyi n'zochepa poyerekeza ndi phindu lake, ndipo ine ndikadaiika patsogolo pa babu lililonse lamtengo wapatali.

Funso: Kusitolo andionetsa mababu a H4 olembedwa 100/90W m'malo mwa 60/55W. Kodi amenewa si yankho lapafupi?

Yankho: N'lapafupi pogula, koma n'lakutali polipira. Babu la mawati 60 limakoka ma amp 5, pamene la mawati 100 limakoka oposa 8, ndipo popeza kutentha kwa m'waya kumakula mofulumira kuposa magetsi odutsamo, mawaya, swichi ndi pulagi zimene zinapangidwira babu laling'ono zimatentha pafupifupi katatu. Mapeto ake amadziwika m'galaja iliyonse: pulagi yosungunuka, swichi yopserera imene imazimitsa nyali zonse galimoto ili pa liwiro, reflector ya pulasitiki yodetsedwa ndi moto, ndipo nthawi zina utsi pansi pa boneti. Choseketsa n'chakuti pa mawaya ofooka aja babu lalikulu limamanidwa magetsi koposa laling'ono, moti kuwala kumene munalipira sikufika konse. Ndipo makaniko amene angakuuzeni kuti mungoika fyuzi yaikulu kuti isamapse, mumuthokoze mwaulemu n'kupita kwina.

Onetsetsaninso kuti sanakupatseni babu la mavolti 24 la m'malole, lolembedwa 75/70W, limene limalowa bwinobwino pa malo omwewo koma m'galimoto ya mavolti 12 limangofiira ngati khala.

Funso: Nanga mababu olembedwa +100% kapena +150%, ndi ena a galasi la buluu?

Yankho: Awa ndi mitundu iwiri yosiyana, ndipo tisaiike m'dengu limodzi. Mababu monga Osram Night Breaker ndi Philips RacingVision amadya mawati omwewo a babu wamba, chotero saopseza mawaya. Chinsinsi chawo ndi kawaya kakang'ono, kopotedwa mothina, koikidwa pamalo pake molongosoka ndiponso koyaka motentha kwambiri, moti reflector imatha kusonkhanitsa kuwalako bwino n'kukuponya patali. Nambala ya pabokosi musaimve ngati kuti babulo limatulutsa kuwala kowirikiza kawiri ndi theka, pakuti malamulo amaika malire: babu la H4 limayenera kutulutsa malumeni (muyeso wa kuwala) pafupifupi 1,000 pa dimu ndi 1,650 pa fulu, la H7 pafupifupi 1,500, ndipo wopanga amangololedwa kupitirira pang'ono. Nambalayo imanena za malo ena a pamsewu amene amawala koposa. Komabe kusiyana kwake kumaoneka ndi maso, ndipo kwa mwini galimoto yakale amene wakonza kale nkhope ya nyali ndi mawaya, amenewa ndiwo mababu oyenera. Walira mvula walira matope: moyo wawo ndi waufupi, kawirikawiri theka la moyo wa babu wamba kapena kuchepera, ndipo woyendetsa minibasi kapena takisi usiku uliwonse aziwerengere yekha ngati thumba lake lingapirire.

Za mababu a buluu titha kunena mwachidule kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kawaya ka halogen kamatulutsa kuwala kopendekera ku chikasu, ndipo utoto wa buluu umayeretsa maonekedwe ake mwa kutsekereza gawo lina la kuwalako. Mumalipira zambiri kuti mulandire zochepa. Pogula, funani chizindikiro cha chilembo E chokhala ndi nambala pa chitsulo cha babu, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa pa dzina lotchuka, kayikirani, popeza mababu achinyengo ali mbwee m'misika.

Funso: Anzanga onse aika mababu a LED, ena a HID, ndipo nyali zawo zikuwala ngati masana. Chondiletsa n'chiyani?

Yankho: Funso ili liyenera kuyankhidwa modekha, chifukwa LED ndi HID pazokha si zoipa. Nyali za HID zinayamba kuoneka pa BMW 7 Series m'chaka cha 1991, ndipo babu lake la mawati 35 limatulutsa malumeni oposa 3,000. Za LED zinabwera ndi Lexus LS 600h mu 2007, ndipo lero ndizo zili pa galimoto zambiri zatsopano. Koma pa galimoto zimenezo nyali yonse, kuyambira babu, reflector mpaka galasi, inapangidwa pamodzi monga chinthu chimodzi, ndipo malamulo a ku Ulaya amafuna kuti nyali ya dimu yopitirira malumeni 2,000 ikhale ndi chipangizo choiweramitsa chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo, ndiponso chotsukira nkhope yake. Chimene chikugulitsidwa m'misika yathu ndi china: babu lachilendo loti lilowetsedwe m'nyali imene inapangidwira halogen.

Taonani mmene nyali ya H4, imene yakhala ikutumikira kuyambira 1971, imagwirira ntchito. M'babu muli timawaya tiwiri, ndipo pansi pa kawaya ka dimu pali kambale kachitsulo kamene kamatchinga kuwala kuti kusapite ku theka la m'munsi la reflector. Kuwala konse kumakwera ku theka la pamwamba, limene limakuweramitsira pansi, ndipo m'mphepete mwa kambale kaja ndimo mumachokera mzere wakuthwa umene mumauona pakhoma, wolekanitsa kuwala ndi mdima. Reflector yonse inawerengedwa molingana ndi kukula, maonekedwe ndi malo a kawaya kameneka, mpaka pa kachigawo ka milimita. Mukachotsa kawayako n'kuikapo timiyala ta LED tomamatizidwa mbali ziwiri za kachitsulo kochindikala, kapena lawi lopindika la HID, kuwala kumachokera pamalo pamene reflector siikuyembekezera, ndipo kumamwazika: kochuluka kumagwa pafupi ndi bampala, kwina kumakwera m'mitengo, ndipo kwina kumalowa m'maso mwa amene akubwera kutsogolo.

Mwini galimoto amalumbira kuti tsopano akuona bwino, ndipo sanama mwadala, chifukwa msewu wa pansi pa mphuno yake wayera mbee. Koma diso likaona kuwala kwakukulu pafupi, mwana wa diso amachepa, ndipo chimene chili pa mamita 60, kumene kuli ngozi yeniyeni, chimabisika koposa kale. Tsono lingalirani za mnzanu amene mwamthobwa m'maso. Iye akubwera kwa inu pa msewu wopapatiza wodyeka m'mbali, mwina ndi lole yodzaza, ndipo kwa masekondi angapo saona mzere, saona dzenje, saona mayi woyenda m'mphepete ndi mwana kumbuyo; ngati ndi wachikulire, kapena ng'ala yayamba m'maso mwake, khungu lakelo limakhalitsa. Ambiri amabwezera poyatsa fulu, ndipo pamenepo akhungu amakhala awiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma pa nkhani iyi sichidikira n'komwe mawa, chifukwa galimoto imene mwaichititsa khungu ikudutsa mita imodzi kuchokera pachitseko chanu.

Ngati mtima wanu wakhazikika pa LED, njira yolungama ndiyo kusintha nyali yonse n'kuika ina imene inapangidwira LED kuchokera kufakitale. Aliponso mababu ochepa a makampani odziwika amene timiyala tawo tinaikidwa motsanzira kawaya ka halogen mosamala; dziko la Germany linayamba kuvomereza otere mu 2020, koma pa mndandanda wa galimoto zimene anayesedwapo zokha, umboni wakuti babu limodzi limatha kukhala bwino m'nyali ina n'kulephera m'nyali ina. Mukaika, imikani galimoto pakhoma usiku: ngati mzere wakuthwa uja wasowa, kapena pamwamba pake pali kuwala kwa mbuu, chotsani.

Funso: Kodi kuwongola nyali munthu angachite yekha?

Yankho: Angathe ndithu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ntchito yosalira ndalama ngati imeneyi ndiyo imanyalanyazidwa koposa zonse. Pezani malo athyathyathya ndi khoma, popani matayala mokwanira, ndipo muyeze kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, n'kulemba mzere pakhoma pa msinkhu womwewo. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera kukhomalo, yatsani dimu, ndipo muone pamene pagwa mzere wa kuwala. Pa nyali zambiri, kapena pafupi nazo pansi pa boneti, pamalembedwa nambala monga 1.0% kapena 1.2%, kutanthauza kuti pa mamita 10 mzerewo ukhale masentimita 10 kapena 12 pansi pa chizindikiro chanu. Kumbuyo kwa nyali kuli tizomangira tiwiri, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanja ndi kumanzere. Nyali yoweramitsitsa imakuberani mamita ambiri a msewu, ndipo yopenya kumwamba imasautsa anzanu. Oyendetsa mapikiapu akumbukire kuti matumba a chimanga kapena a feteleza akatsitsa kumbuyo, nyali zimadzuka. Galimoto zambiri zili ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala kuyambira 0, koweramitsira nyali pa nthawi yotereyi.

Funso: Galimoto yanga ndi Land Rover yakale ya nyali zozungulira zosatsegulika. Ndingatani?

Yankho: Zimenezo ndi nyali zimene babu, reflector ndi galasi zinaumbidwa pamodzi, mtundu umene dziko la America linaulamula kuyambira 1940 mpaka zaka za m'ma 1980, ndipo kuwala kwake n'kochepa. Mwayi wanu ngwakuti makampani monga Hella ndi Koito amapanga nyali za mainchesi 7 zolowa pa malo omwewo koma zolandira babu la H4, ndipo kusinthaku, pamodzi ndi ma relay, kumaipatsa galimotoyo maso atsopano.

Chenjezo limodzi lokha, limene likukhudzanso aliyense woitanitsa nyali kunja. Ife, pamodzi ndi Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa, timayenda kumanzere kwa msewu monga achitira ku Japan ndi ku Britain, ndipo dimu yathu inapangidwa kuti mzere wake ukhale wogona kumanja koma wokwera kumanzere, kuti uunikire oyenda pansi ndi zikwangwani. Nyali yopangidwira maiko oyenda kumanja imakweza kuwala mbali inayo, molunjika m'maso mwa okumana nawo, ndipo palibe kuwongola kumene kungaichiritse. Pa nyali zokhala ndi chizindikiro cha E, funani kamuvi pafupi ndi chizindikirocho. Yopanda kamuvi ndi ya maiko oyenda kumanja.

Funso: Nanga malamulo akutinji, makamaka pa nyali zowonjezera zazitali zija za LED?

Yankho: Nyali ndi zina mwa zimene zimayang'anidwa galimoto ikamapimidwa kuti ilandire COF, ndipo mwini galimoto wanzeru amayamba wafunsa ku ofesi ya Road Traffic asanawononge ndalama pa chinthu chimene adzauzidwa kuti achotse. Abale athu okhala ku Britain adziwe kuti kuyambira 2021 galimoto imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a LED kapena a HID imalephera mayeso a MOT, kupatula zakale kwambiri. Nyali zowonjezera zili ndi malo ake m'misewu ya kumidzi ndi ya m'nkhalango, koma zilumikizidwe kudzera pa relay kotero kuti ziziyaka pamodzi ndi fulu yokha, n'kuzima nthawi yomweyo mukadima; kuyenda nazo zoyaka mumzinda wa Lilongwe kapena wa Blantyre ndi mwano chabe.

Funso: M'nkhungu ya ku Chikangawa kapena m'chiperoni cha ku Thyolo, kodi mababu owala kwambiri sangathandize?

Yankho: Amaipitsa zinthu. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, ndipo kuwala kwamphamvu kukagwa pa timadonthoto kumabwerera m'maso mwanu ngati khoma loyera. Chofunika pamenepo ndi dimu, kapena nyali za nkhungu zokhala m'munsi, zoponya kuwala kotambalala pansi. Oyendetsa ambiri amapeza kuti kuwala kwachikasu sikutopetsa maso m'nyengo yotere monga kwa buluu, ndipo dziko la France linalamula nyali zachikasu kuyambira zaka za m'ma 1930 mpaka 1993.

Pali malire ena amene babu lililonse silingawadumphe. Dimu yowongoledwa bwino imaunikira mamita 50 kapena 60, ndipo munthu wovala zakuda amaoneka ali pafupi kuposa pamenepo; pomwe buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limawerengera kuti galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imafuna mamita 53 kuti iime, ndipo ya makilomita 96 pa ola imafuna mamita 73, pa msewu wouma ndi matayala abwino. Woyenda makilomita 100 pa ola ndi dimu akuthamangira malo amene maso ake sanafikeko. Tsukaninso galasi lakutsogolo m'kati ndi kunja, pakuti fumbi ndi mafuta a pagalasi zimasandutsa nyali iliyonse yobwera kukhala dzuwa.

Funso: Ndagula mababu abwino. Pali choti ndisamale poika?

Yankho: Musakhudze galasi la babu ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amapserera pamenepo nafupikitsa moyo wake; ligwireni pa chitsulo, ndipo ngati mwalikhudza, lipukuteni ndi sipiliti. Onetsetsani kuti timakutu ta babu talowa m'mipata yake lisanakanikizidwe ndi kasipuling'i, popeza babu lopendekeka limawononga mzere wa kuwala, ndipo mubwezere chivindikiro cha labala cha kumbuyo molimba kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Sinthani onse awiri pamodzi, kuti mbali zonse ziwale mofanana, ndipo lakale limene likadayaka mulikulunge m'pepala n'kulisunga m'galimoto, pamodzi ndi fyuzi ziwiri za mulingo woyenera.